Chilwa inauma mu 2018, nanga nkhono za likodzo zikuchokeranso kuti?

MalumeWakuChikanda

Abale ndithandizeni nzeru, makamaka inu a zaumoyo ndi inu munaphunzira za tizilombo. Ndimasunga mwana wa achemwali anga kuno ku Chikanda, ali sitandade 6. Holide ya mu Ogasiti ija anapita kwa agogo ake cha ku Kachulu nde mukudziwa ana akaona nyanja, tsiku lonse ali m'madzi, kuwedza matemba, kukankha mabwato a eni, kudya amachita kumuitana. Anabwerako bwinobwino, sukulu kutsegulira, palibe chodandaula. Pano mu Novembala muno mayi akunyumba pochapa aona timadontho ta magazi kutsogolo kwa kabudula wake, kumufunsa akuti akamakodza kumapeto kwenikweni kumatuluka magazi pang'ono komanso kumawawa, ndipo zayamba masabata apitawo amangobisa kuopa kukalipiridwa.

Ndawaimbira agogo ake aja akungoseka, ati zimenezo n'za anyamata, wakula basi, kaya wadya nzimbe zambiri, zisiya zokha. Ine ndikuganiza kuti ndi likodzo ndipo mawa ndikupita naye kuchipatala, zimenezo sindikufunsa munthu. Chikundizunguza mutu ndi ichi. Kusukulu ankatiuza kuti likodzo limachokera ku nkhono. Chilwa inauma mu 2018, ndinafika ndekha padoko pa Kachulu mabwato ali gone pamatope, nthaka itang'alukang'aluka. Nkhonozo sizinafe nthawi imeneyo? Kuonjezera apo ana amamwetsedwa mapilisi a likodzo m'masukulu. Nde matendawa akuchokeranso kuti? Komanso ngati anawatengera kunyanja mu Ogasiti bwanji magazi akuoneka pano, kapena wawatengera konkuno ku Likangala? Chomaliza, ana angawa amasamba naye beseni limodzi, chimbudzi chimodzi, sawapatsira?

Chikaiko77

kkkkk amalume musachite mantha, ife tonse okulira ku Domasi tinakodza magazi, amene sankakodza magazi ndi amene tinkamuseka kuti ndi mwana wa m'tauni. Tilipo mpaka lero tili ndi maanja. Agogowo akudziwa zomwe akunena

MlangiziWakuJali

Achimwene a Chikaiko, inu mulipo inde koma mwapimitsa liti chikhodzodzo chanu? Nkhani imeneyi ya "tonse tinakodza" ndi imene imatipatsa ntchito m'midzimu, makolo safuna kubweretsa mwana poti nawonso anadutsamo.

Amalume mwachita bwino. Ndiyambe ndi za kunyumba kwanu kuti mugone tulo. Beseni, chimbudzi, mbale, bulangete, ayi ndithu sangawapatsire. Likodzo silichoka kwa munthu kupita kwa munthu mwachindunji, ngakhale kuponda mkodzo wake simungalitenge. Mazira amene ali mu mkodzo wa mwanayo alibe mphamvu yolowa mwa munthu wina, amayenera agwere m'madzi, aswe, kachilombo kotulukamo kalowe mu nkhono kaye, kakhale m'menemo mwezi kapena kuposerapo, ndiye tizilombo totuluka mu nkhonomo ndi timene timaboola khungu la munthu. Popanda nkhono palibe likodzo. Mwanayo akamakodza m'chimbudzi mazira aja amafera momwemo. Vuto ndi loti akapite kukasambira ku mtsinje n'kukodzera m'madzi, pamenepo nde wadyetsa nkhono.

Za nthawi, masamu anu akugwirizana ndi Kachulu. Tizilomboti tikalowa pakhungu sitiyamba kuikira mazira pompo, timayenda m'magazi kudutsa m'mapapo kukafika ku chiwindi, kumeneko n'kumene timakula kukhala nyongolotsi zenizeni, kenaka zimasamukira m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Kuti mazira ayambe kuoneka mu mkodzo pamatenga miyezi iwiri kapena itatu. Ogasiti kufika Okutobala kapena Novembala, ndi momwemo. Sindikuti mitsinje ya m'tauni ndi yoyera ayi, paliponse pomwe madzi akuyenda pang'onopang'ono pali udzu ndipo anthu amakodzerapo pakhoza kukhala vuto, koma za uyuyu zikuloza kunyanja.

Magaziwo si nyongolotsi zikuluma. Ndi mazira. Dzira lililonse lili ndi kaminga kumapeto ndipo kuti lituluke liyenera kudutsa khoma la chikhodzodzo, nde pomwe chikhodzodzo chikufinya mkodzo wotsiriza ndi pomwe magazi amadontha, n'chifukwa chake mwanayo akuti kumapeto. Mazira ambiri satuluka n'komwe, amakodwa m'khomamo, thupi limawazinga, pamapangika zipsera. Munthu akamakula magazi ooneka ndi maso aja amachepa nde amati ndachira, pomwe zipsera zili momo, kwa ena zimatseka njira zochokera ku impso, impso n'kumatupa mwakachetechete, ndipo likodzo la nthawi yaitali limadziwika kuti limayambitsa khansa ya m'chikhodzodzo. Kwa ana nkhani yaikulu ndi kuchepa magazi, kufooka, kupinimbira, m'kalasi kumangosinza aphunzitsi n'kumati ndi waulesi.

Mawa pitani chakumasana ngati n'kotheka, mkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana ndi umene umakhala ndi mazira ambiri, ndipo muuzeni asataye madontho omalizawo, alowe m'kabotolo. Mankhwala ake ndi praziquantel, amapereka malinga ndi sikelo, 40 mg pa kilogalamu iliyonse, pilisi limodzi ndi 600 mg, nde mwana wa makilo 30 amamwa awiri, kamodzi basi. M'masukulu sitinyamula sikelo, timayeza msinkhu ndi ndodo ija ya mitundumitundu. Adye kaye nsima kapena phala lokwanira asanamwe, mapilisi ake ndi aakulu, owawa, ndipo pamimba popanda kanthu amabweretsa chizungulire, nseru, m'mimba kupota. Ana ambiri amene makolo awo amakana kuti asamwenso ndi oti anamwa ndi njala. Musakagule pa okala, apite akayezedwe, poti magazi mu mkodzo amabweranso ndi matenda ena.

Funso lanu loti bwanji timamwetsa koma satha. Praziquantel amapha nyongolotsi zikuluzikulu zomwe zili m'thupi tsiku limenelo. Zing'onozing'ono zongolowa kumene sazipha bwino, ndipo si katemera, sateteza za mawa. Mwana amwa Lachitatu, Loweruka ali m'dambo momuja. Chinanso ana osapita kusukulu, asodzi, amayi a m'minda ya mpunga ambiri amatsala osamwa, ndipo munthu mmodzi yekha ndi wokwana kudzaza doko lonse. Za kuuma kwa nyanja ndiwasiyire odziwa nkhono.

Nankhono_Chanco

Za nkhono ndiyankhe ine amalume, ndi zomwe ndikuphunzira ndipo anzanga anachita kundipatsa dzinali chifukwa chongoyenda ndi kasefa m'madambo kkk.

Choyamba si nkhono iliyonse. Zikuluzikulu zija za m'munda zotuluka mvula ikagwa zilibe mlandu wa likodzo. Zikuluzikulu za m'madzi zokhala ndi kachitseko pakamwa, zija mumapeza zigoba zake mbwee m'mphepete mwa dambo, nazonso ayi. Yathuyi ndi yaing'ono, dzina lake Bulinus, ku Chilwa ndi m'madambo ozungulira mtundu wodziwika ndi Bulinus globosus, kutalika kwake sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, chigoba chopyapyala chofiirira, ilibe kachitseko, ndipo mukaigwira nsonga ili m'mwamba kamwa lake likuyang'ana inu limakhala kumanzere. Imakonda kumata pansi pa masamba a m'madzi, pa bango, pa mapesi ovunda, olo pa majumbo otayidwa. Palinso ina yophwathalala yozungulira, Biomphalaria, imeneyo imanyamula likodzo la m'matumbo lija lotupitsa chiwindi ndi kapamba, lomwe mazira ake amatulukira m'chimbudzi osati mu mkodzo. Mitundu iwiri ya nyongolotsi, iliyonse ndi nkhono yake, sizisinthana.

Nde nyanja ikauma chimachitika n'chani. Bulinus imapuma ndi mpweya, ilibe makha ngati nsomba, nde madzi akamaphwa pang'onopang'ono imalowa m'matope kapena pansi pa zinyalala za udzu pamthunzi, imadzikokera m'kati mwa chigoba, kutseka pakamwa ndi mamina ake aja, n'kungokhala phee osadya kwa miyezi. Zambiri zimafa inde, makamaka pomwe pauma msanga ndi pa dzuwa. Koma sipafunika zambiri kuti ziyambirenso, chifukwa nkhono imodzi ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, ikasowa inzake imatha kudziberekera yokha, ndipo pakangopita mwezi ndi kanthu ana ake nawonso ayamba kuikira. Komanso musaiwale kuti Chilwa imadyetsedwa ndi mitsinje, Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi ina, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. M'maiwe a mitsinje imeneyi, m'ngalande za m'masikimu a mpunga, nkhono zimapulumukiramo, madzi osefukira akabwera amazikokolola kubwerera nazo kudambo. Mu Malichi 2019 mvula ya Idai inadzazanso nyanja, mu 2023 Freddy anachita kuonjeza mpaka midzi kumira. Kwa nkhono zimenezo n'zabwino zedi, malo atsopano osaya odzaza udzu wovunda, zimbudzi zagumuka, anthu akuyenda m'madzi.

Ndipo olo nkhono zonse zikanafa psiti mu 2018, nyongolotsi zinali kuti? Zinali mwa anthu. Nyongolotsi ya likodzo imakhala m'thupi zaka 3 mpaka 5, zina kupitirira kutali. Munthu wotenga mu 2017 amafika 2020 akutulutsabe mazira tsiku ndi tsiku. Nyanja inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, mu 2012 inatsala pang'ono, likodzo silinasamuke chifukwa nthawi ya chilala limadikirira m'mitsempha ya anthu, nthawi ya madzi limabwerera mu nkhono.

Ndikuuzeni mbali imene imandisangalatsa olo ndi yonyansa. Nyongolotsi zambiri za mtundu umenewu zimakhala zachimuna ndi zachikazi pathupi limodzi koma iyi ayi, pali yamphongo ndi yaikazi. Yamphongo ndi yonenepa, sentimita imodzi ndi kanthu, thupi lake ndi lopindika ngati bwato losema, yaikazi ndi yaitali yowonda ndipo imagona m'kati mwa bwato limenelo moyo wake wonse, yamphongo n'kumainyamula kukwera nayo mitsempha molimbana ndi kayendedwe ka magazi. Yaikaziyo imaikira mazira mpaka mazana patsiku. Thupi silizithamangitsa poti zimadzimata ndi zinthu za m'magazi a mwini wake yemweyo nde chitetezo cha m'thupi chimangozidutsa. Dzira likagwera m'madzi opanda mchere limaswa pasanathe nthawi, kachilombo kake kali ndi maola ochepa kuti kapeze nkhono yoyenera apo ayi kafa. Kakapeza, kamodzi kokhako kamachulukana m'nkhonomo n'kutulutsa masauzande a tina ta mchira wa mphanda. Timeneti sitidya, tili ndi tsiku limodzi kapena awiri kuti tipeze khungu, ndipo timatuluka mu nkhono kwambiri masana dzuwa likaswa mtengo, nthawi yomwe ana athawa kutentha kulowa m'madzi. Kuboola khungu ndi mphindi zochepa, sipafunika bala, ena amangomva kuyabwa.

Nyongolotsiyi anaiona koyamba ndi dokotala wa ku Germany Theodor Bilharz mu 1851 ku Cairo pong'amba mitembo, koma zoti imadutsira mu nkhono zinatenga zaka zoposa 60 kuti zitsimikizike, a ku Japan anayamba mu 1913 kenaka Robert Leiper ku Egypt mu 1915. Nde agogo a ku Kachulu musawaseke kwambiri ndi nzimbe zawozo, madokotala nawo anakhala nthawi yaitali akuloza zina. Ndipo mukaganiza bwino nzimbe zimalimidwa kudimba, mwana wokaba nzimbe amawoloka madzi omwewo.

MsodziWapaKachulu

Zikomo achemwali a Nankhono mwalongosola koma ndikonzeko pang'ono za 2018, nyanja siinaume yonse ngati mmene zinalili 1995, pakatikati madzi analipo kungoti ochepa matope okhaokha bwato silimayenda, ife ena tinasamukira ku Chiuta ena ku Malombe ena mpaka Mangochi kukagwira ganyu m'makoka a eni nde ngati mukuti nyongolotsi zimakhala mwa munthu ndekuti tinapita nazo n'kubweranso nazo zina, palibe anatiyeza popita olo pobwera.

Koma a Mlangizi ndikufunseni mosapsatira. Mukabwera padoko mumati musalowe m'madzi musakodzere m'madzi. Ife tikalowa m'nyanja timakhala pa zimbowera, nyumba zoyandama zija timamanga ndi udzu pakati pa dambo, munthu amatha mwezi olo iwiri osaponda kumtunda, kuphika pompo kugona pompo, nde chimbudzi ndikachikumbe pati? Madzi akumwa omwewo osamba omwewo. Kolera akabuka mumatikumbukira mpaka katemera anatipeza komweko tinamwa, koma mapilisi a likodzowa amathera kusukulu ngati akulu sitikodza. Ndipo kunena zoona ambiri mwa ife sitiona ngati matenda, munthu ukudzuka ukukoka khoka ukudya nde ukasiye matemba akugwidwa kuti ukaime pamzere tsiku lonse chifukwa cha timagazi, anzako akuseka. Ena magaziwo amawaona mpaka mu umuna koma zimenezo munthu sanganene pagulu, amangopita kwa asing'anga kuti mwina mkazi wamuika mankhwala, maukwati amatha ndi nkhani imeneyi.

Magambuti musatiuze, matope a Chilwa gambuti imatsala pansi iwe n'kutuluka ndi phazi lokha

MlangiziWakuJali

Akulu mwanena zoona ndipo sindikutsutsani, uthenga wa "osalowa m'madzi" kwa msodzi ndi mlimi wa mpunga ulibe ntchito. Zomwe zingatheke kwa inu ndi izi. Madzi osamba ndi ochapira tungani lero mugwiritse ntchito mkuja, akakhala m'chigubu masiku awiri mulibe nkhono tizilombo tija timafa tokha, kapena atenthetseni mpaka dzanja lisapirire. Akumwa wiritsani kapena thirani klorini, pamenepo mwathana ndi kolera yemwe. Pokoka khoka palibe chochitira, nde njira ndi kumwa mankhwala kawirikawiri, chaka chilichonse osadikira magazi, cholinga chake nyongolotsi zisachuluke mpaka kuononga ziwalo, poti kuopsa kwa likodzo kumayendera kuchuluka kwa mazira amene aunjikana m'thupi pa zaka. A WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, mu malangizo awo a 2022 anati kumadera kumene matendawa ndi ochuluka azimwa onse kuyambira zaka 2 kupita m'tsogolo, akulu omwe, osati ana asukulu okha. Kuti zifike pa zimbowera nde pafunika a komiti ya padoko azikakamira, azilemba maina n'kupempha tsiku lawolawo. Za magazi mu umuna zija ndi likodzo lomweli, mazira amakodwanso m'ziwalo zachimuna, mankhwala ake ndi omwewa, ndipo mkazi sangatengere kwa mwamuna pogonana.

MayiAwiri_Matawale

Pepani ndilowererepo poti nkhaniyi yangozungulira anyamata ndi asodzi ngati atsikana salowa m'madzi. Amene amachapa, kutsuka mbale, kuwokera mpunga madzi ali m'mawondo kuyambira m'mawa ndi ndani? Kungoti mnyamata akakodza magazi aliyense amaona, mtsikana amaganiza kuti ndi kumwezi kapena amangobisa.

Mng'ono wanga anakulira kwa azakhali kufupi ndi sikimu ya mpunga. Atakwatiwa anavutika zaka, kuyabwa kumusi, chikazi chosatha, kupweteka pokhala malo amodzi ndi bambo, nthawi zina timagazi akatha. Kumudzi ankati ndi mauka, azimayi achikulire mpaka ankafuna kumudula. Kuchipatala ulendo uliwonse ankamupatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, awiri onse kumwa, osasintha, nde mukudziwa mmene zimakhalira m'nyumba, wina kuloza mnzake chala kuti ukuyenda ndi ndani. Tsiku lomwe anapita kukayezetsa khansa ya khomo la chiberekero nesi wina wachikulire atamuona anamufunsa funso limodzi lokha, unakulira kuti, unkasamba kuti. Anati pakhomo la chiberekero pali timadontho tachikasu ngati mchenga, ndi mazira a likodzo. Anamwa praziquantel zinachepa ndithu, koma anamuuza kuti zipsera zakalekale sizichoka zonse, zikanakhala bwino akanamwa ali mtsikana.

Ndinapita kukawerenga ndekha, a WHO amayerekeza kuti amayi ndi atsikana okwana 56 miliyoni ali ndi vuto limeneli, ambiri kuno ku Africa, ndipo limatha kubweretsa kusabereka, mimba yokhala panjira, komanso zilondazo zimatsegulira khomo HIV. Nde a Chikaiko mukamati tonse tinakodza tili ndi maanja, afunseni alongo anu amene munkasambira nawo ku Domasi ngati zawo zinatha bwino. Amalume, ngati kwa agogo kuja kuli atsikana a msinkhu wa mwana wanuyo nawonso ayezedwe, asadikire kuona magazi.

Chikaiko77

Mayi mwandilasa, za alongo sindinaziganizepo. Koma ndili ndi funso, ngati vuto ndi nkhono bwanji boma osangothira mankhwala m'nyanjamo zife zonse tithane nazo? Udzudzu amapopera m'nyumba, nkhono zikulephereka pati

Nankhono_Chanco

Achimwene mankhwala opha nkhono alipo, niclosamide, koma amaphanso nsomba, achule, zonse. Muthire mu Chilwa nde mwapha matemba, mlamba ndi makumba zomwe maboma atatu akudalira, a Msodzi akupezani ndi nkhafi kkk. Komanso nyanjayi ili pa mndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kutetezedwa padziko lonse, kuyambira 1996 chifukwa cha mbalame za m'madzi zomwe zina zimachokera kutali kwambiri. Mankhwalawo amagwira pa malo ang'onoang'ono, dziwe, ngalande, podutsira anthu, ndipo pakapita miyezi nkhono zimabwerera, muyenera kumangothira.

Koma pali nkhani ya ku Cape Maclear yomwe ndimafuna asodzi aziimva. Kale kumeneko likodzo linkadziwika m'madambo ndi m'mitsinje, kumchenga kwa nyanja yaikulu anthu ankasamba osaopa. Cha m'ma 1980 mpaka m'ma 1990 linakwera kwambiri pa Chembe, alendo omwe ankabwerera kwawo nalo. Jay Stauffer wa ku yunivesite ya Penn State ku America ndi anzake amene anakhala zaka akuwerenga nsomba pansi pa madzi kumeneko anapeza kuti nsomba zodya nkhono zachepa kwambiri m'madzi osaya, makamaka ina yotchedwa Trematocranus placodon yomwe ili ndi mano ophwanyira zigoba kukhosi, ndipo nkhono ina ya pamchenga, Bulinus nyassanus, yachuluka n'kuyamba kufalitsa likodzo. Iwo analoza makoka a maso ang'onoang'ono okokera kugombe, kuphatikizapo maneti a udzudzu, omwe amakokolola ana a nsomba. Akatswiri ena amati palinso zifukwa zina monga kuchuluka kwa anthu ndi dothi lokokoloka, koma ine ndimaona kuti za nsombazo n'zomveka. Ku Senegal zinachitikanso mofanana, atamanga damu la Diama mu 1986 nkhanu zina za mu mtsinje zodya nkhono zinalephera kukwera kuchokera kunyanja, madzi amchere anasiyanso kulowa, ndipo patangopita zaka zochepa tauni ya Richard Toll inagwidwa ndi likodzo la m'matumbo lomwe kunalibe. Nde neti ija munalandira kusikelo mukaisandutsa khoka, malungo kunyumba, likodzo kudoko.

Sindikuti nsomba zokha zingathetse, a ku Japan anathetsa lawo pomanga ngalande za mpunga ndi simenti, kupha nkhono, kusintha ng'ombe zolimira, kukonza zimbudzi, zinawatengera zaka makumi ambiri, chigawo cha Yamanashi chinalengeza kuti latha mu 1996. Kwathu kuno chotsika mtengo m'masikimu ndi kulambula udzu m'ngalande kuti madzi azithamanga komanso kumaziumitsa mwa apo ndi apo, nkhonozi sizigwira bwino pa madzi othamanga.

Ndipo zinthu zikusinthabe. Mu 2017 ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo a kuno anapeza Biomphalaria m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi komwe siinkadziwika, kenaka ana asukulu kumeneko anapezeka ndi likodzo la m'matumbo. Anapezanso mazira osonyeza kuti nyongolotsi ya anthu ikukwerana ndi ya ng'ombe n'kubereka zosakanikirana, ku Mangochi ndi ku Nsanje. Ngati ziweto zikusunga nawo ndekuti kumwetsa anthu okha sikukwana.

MalumeWakuChikanda

Tabwerako. Apeza mazira, a ku labu anandilola kusuzumira pa maikolosikopu ndinaona ndi kaminga komwe mumanena kaja. Wamwa awiri atadya, wagona masana onse akuti mutu ukuzungulira, pano ali bho akufuna mpira. Atiuza tibwerenso pakapita mwezi ngati magazi sanasiye. Agogo ake ndawauza za atsikana aja mayi a ku Matawale, ayankha kuti aona, mukudziwa akuluakulu, ndipitako ndekha kumapeto a mwezi. Koma holide ya Khirisimasi ayamba kale kumuitanitsa ndipo mjigo wa pafupi ndi kwawo unafa kalekale.

MsodziWapaKachulu

Achemwali a Nankhono za ng'ombezo mwandidzidzimutsa, kuno chilimwe ng'ombe ndi mbuzi zimamwera malo omwe timakocheza mabwato, ndowe mbwee m'madzi ana akusambira pomwepo. Nde ng'ombe yodwala likodzo imaoneka bwanji, nayonso imakodza magazi? Ndipo nyama yake tikadya? Za maneti sindiyankha pano anzanga amawerenga, koma mundiuze kaye khoka lovomerezeka pano likugulitsidwa zingati ku Limbe